KU DZALEKA NDINATOLAKO CHINTHU CHIMENE SINDIDZALEKA



Ndikulemba ndili ku Ntchisi, kumudzi kwa mayi anga. Netiweki ya kuno umachita kuikwerera pachulu, ndiye uthengawu ukafika pakati pa usiku musadabwe. Ndi wautali, ndikudziwa. Amene bandulo yake ndi ya TikTok yokha angodutsa, sindikwiya.

Voice note ija ndinaimva yonse, mphindi zinayi zake. Woilankhula ndi mnzanga amene tinaphunzirira limodzi kupalasa bwato, dzina sinditchula. Anati: "Bruce Lee wa pa doko wapitanso kumapiri, injini za anthu zili gwa pamchenga. Mwana wa msodzi kumavala zoyera ngati namwino, kuweramira anthu obwera, kukuwa m'Chitchaina. Ameneyu chikhalidwe chathu anachitaya." Enanu munaikapo timaemoji toseka. Ndinawerenga, tinali 23.

Aise, poyamba tikonze kaye pang'ono. Si Chitchaina chimene timawerengera chija, ndi Chijapani, chilankhulo cha kwawo kwa injini ya Yamaha imene imakudyetsa. Koma zimenezo n'zazing'ono. Mawu amene andisowetsa tulo ndi akuti ndinataya chikhalidwe. Amenewo ndiye ndikufuna tikambirane, chifukwa ine ndikuti karate ndi amene anandibweza kwathu, ndipo ambiri mwa inu amene mukuseka simudziwa n'komwe kuti kwanu n'kuti.

Mukukumbuka mmene ndinalili mu 2021. Ndinali ndi zaka 20, ndili ndi mtima wapachala. Munthu wina anandizungulitsa milungu itatu pa ndalama ya kabuleta imene ndinamukonzera, ndiye tsiku lina anandiseka pamaso pa alovi ake. Sipanala ya 17 inali m'dzanja, ndipo ndinamutema nayo pachipumi. Anamusoka kuchipatala. Mlandu unakathera kwa a mfumu, bambo anga anagulitsa matchera awiri kuti alipire chindapusa. Usiku umenewo sanandikalipire. Anangoti, "Iwe, nyanja siifuna munthu wopsa mtima. Ukapitiriza chonchi tidzakuika m'manda kapena tidzakuyendera ku ndende." Tsiku limenelo ambiri a inu munkandiombera m'manja, mumati ndine dolo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati ndataya chikhalidwe. Taganizirani bwino pamenepo.

Chifukwa cha manyazi, mwera utayamba ndinakwera kupita ku Dowa kukasaka maganyu a majenereta, zigayo ndi mapampu a kudimba. Injini ndi injini basi, kaya ili pamadzi kaya pamtunda. Ganyu wina anandifikitsa ku Dzaleka. Kwa amene simunafikeko: pamalo pamenepo panali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, ndipo anthu amati dzinalo linachokera pa mawu akuti "n'dzaleka", kulira kwa munthu wolapa. Mu 1994 anapasandutsa msasa wa othawa kwawo. Anaukonzera anthu pafupifupi 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kumazizira koopsa, mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa.

Jenereta imene ndinkakonza inakana kulira kachitatu. Ndinaimenya theche, sipanala ndinaiponya uko. Mwini wake, bambo wina wa ku Congo wa imvi za apo ndi apo, anapita kukaitola, anaipukuta fumbi, anandipatsa ndi manja awiri. Ndi Chichewa chake chothyokathyoka anati, "Jenereta ilibe mlandu. Bwera mawa 5 koloko." Ndinapita poganiza kuti pali ganyu wina. Ndinapeza ana ndi akulu oposa 30 ali pamzere pabwalo lafumbi, opanda nsapato, chisanu chili tswa.

Miyezi itatu yoyamba sindinaloledwe kuponya chibakera kwa munthu. Ntchito yanga inali kusesa pabwalo, kuwerama polowa ndi potuluka, ndi kuima chogwada pang'ono mpaka ntchafu kunjenjemera. Kamtsikana ka zaka 12 ka lamba wobiriwira kankandikonza kaimidwe, ine wa ndevu n'kumayankha mwaulemu. Kata yoyamba imene amaphunzitsa, Heian Shodan, ili ndi mayendedwe 21, ndipo loyambirira penipeni ndi kutchinga, osati kumenya. Sensei ankati amene wayamba ndewu kunja, pabwalo pake asadzapondenso. Ndinaona mnyamata wamphamvu kuposa tonse akubwezedwa pakhomo chifukwa anamenya mlongo wake. Inu mumaganiza kuti karate ndi zija za mu vidiyo sho, munthu mmodzi kugwetsa anthu 40 DJ akumasulira m'Chichewa. Karate weniweni ndi wotopetsa, ndi kubwereza chinthu chimodzi ka 500 mpaka mtima wako utaphunzira kudikira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lina titamaliza, Sensei anatiwerengera aphunzitsi ake: amene anamuphunzitsa iye, amene anaphunzitsa ameneyo, kubwerera m'mbuyo mpaka ku Japan. Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe, agogo a mayi ako anali ndani? Nkhondo ikabwera ankadziteteza bwanji?" Ndinangoti kukamwa yasa. Mayina a osewera onse a Arsenal ndinkawadziwa, nambala ya pulagi ya Enduro 15 ndinkailota ndi kutulo komwe, koma dzina la mayi amene anabereka agogo anga ayi. Iye anapukusa mutu. "Ine kwathu sindingabwerere, nyumba anaitentha. Iwe kwanu kuli kuseri kwa mapiri awa, ulendo wa theka la tsiku, ndipo sukudziwako?" Palibe theche limene linandipwetekapo ngati mawu amenewo. Akuluakulu sananame, mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Tisaiwale kuti ife Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Mayi anga anachoka ku Ntchisi pa chitengwa kutsata bambo kunyanja, ndiye kwathu kwenikweni, kumene kuli manda a mbumba yathu, ndi kuno kumapiri. Koma ndinali nditapondako kamodzi kokha, pa maliro a agogo, ndili ndi zaka 9. Loweruka lotsatira ndinakwera galimoto ya matola.

Atsibweni anga anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Ndiwe mwana wa mlongo wanga uja wa kunyanja? Mbiri yako inatipeza, akuti umatema anthu ndi zitsulo." Ndinakhala pansi, ndinawomba m'manja, ndinapepesa. Kuwerama kuja ndinkaphunzira ku Dzaleka kunandithandiza tsiku limenelo, chifukwa khosi linali litazolowera kale kutsika. Madzulo anandiwerengera amayi anayi motsatizana, kuyambira mayi anga kubwerera m'mbuyo, ndi midzi imene aliyense anakhalamo. Ndinawalemba mu foni ndi m'kope la maakaunti a injini, kuopa kuti foni ingagwere m'madzi.

M'mawa mwake anandikweza phiri la Ntchisi. Munthu wa zaka pafupifupi 70, koma ine wa karate ndinkapumira m'mwamba kumbuyo kwawo. Mu nkhalango muja muli mitengo imene anthu atatu sangaizungulire ndi mikono. Anandifunsa ngati ndikudziwa chifukwa chake nkhalango imeneyi inatsala pamene mapiri ena onse anametedwa mpala. Angoni atawoloka Zambezi mu Novembala 1835, patapita zaka gulu lina, la Chiwere, linakhazikika ku Dowa, ndipo nkhondo zawo zinkafika m'midzi ya kuno. Achewa ankathawira m'phiri limeneli, ena ankamanga malinga kuzungulira midzi. Nkhalango inasunga anthu, anthu nawo anaisunga. Atsibweni anati agogo awo ankawauza kuti m'phirimo munali malamulo: masana osasonkha moto kuopa utsi, mwana aphunzire kukhala chete, alonda asagone, chakudya chigawidwe mofanana. Wopsa mtima mmodzi akanaphetsa mudzi wonse. "Ife sitinapulumuke chifukwa cha ukali," anatero. "Angoni anali ndi nthungo, zibonga ndi zishango kuposa ife. Tinapulumuka chifukwa cha kudzigwira."

Titafika pamwamba kunja kunali kowala, ndipo kum'mawa ndinaona nyanja yathu ili mbee ngati lata latsopano. Anandilozera cha ku Nkhotakota. Kumeneko n'kumene Jumbe ankasonkhanitsira akapolo n'kuwawolotsa pa zombo kupita tsidya lija, ulendo wa ku Kilwa. Ndiye anthu a m'mapiri ano anali pakati: kumwera nthungo, kum'mawa magoli. Ndinaganiza za doko lathu, za ife amene timati ndife eni chikhalidwe, ndipo ndinachita manyazi kachiwiri.

Potsika anandifunsa kuti ndiwaonetse za ku Japan zija. Ndinawaonetsa kata. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, "Tandigwira." Anzanga, sindinaone chimene chinachitika. Ndinangozindikira msana uli pa udzu, mkulu uja ali chilili akukonza chipewa. Amenewo ndi magwetsano a kubusa, amene anyamata ankachita ng'ombe zikudya kudambo. Nawonso anali ndi malamulo ake: wagwa samenyedwa, kuluma ayi, wamkulu sagwira wamng'ono, ndipo mukatha mumagawana mbatata yootcha, nkhani yatha pomwepo. Tandiuzani, lamulo lakuti wagwa samenyedwa lilipo pa doko pathu? Si ife timaponda munthu kumutu ali kale pansi, ena akujambula kuti aike pa status?

Pa ulendo wina ndinapeza gule pa chiliza cha mkulu wina wa m'mudzi. Za kudambwe sindilankhula, si zanga kuzikamba pa WhatsApp. Ndingonena zimene aliyense amaona pabwalo: mmene mapazi a kapoli amamvera mbalule, fumbi kuti kobo, koma phazi osaphonya ng'oma ngakhale kamodzi. Musandimve molakwa, sindikuti gule ndi karate. Gule ali ndi ntchito yake pa maliro, pa chinamwali ndi pa ufumu, ndipo UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Ndikungoti thupi langa litaphunzira kuti kuima bwino kumafuna zaka, maso anga anatseguka, ndinasiya kuona gule ngati zoopsezera ana.

Tsopano tibwere ku mlandu wanu wakuti karate ndi wachilendo. Inde ndi wachilendo, ndani wakana? Nanga injini imene mumapitira nayo ku kauni inapangidwa ku Linga? Ukonde wa nayiloni anauluka agogo anu? Mpira umene mumatukwanirana Loweruka lililonse unachokera ku England. Ngakhale kondowole, chakudya chimene ife a ku Nkhotakota timadziguguda nacho pachifuwa, chinangwa chake chinachokera ku South America, anabwera nacho ku Africa ndi Apwitikizi. Chimanga chimodzimodzi, kwawo ndi ku Mexico. Lero ndani anganene kuti nsima si yathu? Karate weniweniyo anabadwira pa chilumba cha Okinawa, kumene anthu anasakaniza kamenyedwe kawo ndi ka ku China, moti kale ankamutcha dzanja la ku China. Gichin Funakoshi anakamuonetsa ku Tokyo mu 1922, ndipo Ajapani anamulandira n'kumusandutsa wawo. Ku Brazil akapolo ochokera ku Africa anapanga capoeira, ndewu yobisika m'magule. Boma linailetsa mu 1890, koma mu 2014 UNESCO yomweyo inailemba pa mndandanda umodzi ndi gule wathu. Mtundu wa anthu sufa chifukwa chobwereka. Umafa ukaiwala chimene ukubwerekera.

Sindikubisa kuti ngozi ilipo. Amene anaonera filimu ya Buddha in Africa ya mu 2019 akudziwa. Ndi nkhani yeniyeni ya mnyamata wa ku Malawi kuno amene anakulira ku Amitofo Care Centre ku Blantyre, katswiri wa kung fu, wolankhula Chitchaina bwinobwino, koma akafika kumudzi kwawo amakhala ngati mlendo. Zimenezo zimachitika munthu akaphunzitsidwa kuti za kwawo n'zachabe. Mphunzitsi wanga anachita zosiyana, anandithamangitsira kwathu. Muyeso wake ndi umenewo: chinthu chachilendo chikakuchititsa manyazi ndi amako, chitaye. Chikakutuma kukafunsa dzina la agogo ako, chigwiritsitse.

Mlandu wachiwiri ndi wakuti ndikuphunzira umbava, kuti tsiku lina ndidzathyola munthu khosi. Chiyambire 2021 ndamenyapo ndani? Tchulani mmodzi. Koma poti mwaiputa nokha nkhaniyi, tiyeni tiimalize. Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chili pafupi, pa doko panabwera galimoto yopanda nambala. Chipani sinditchula, chifukwa matendawa alibe mtundu wa nsalu. Anandifunafuna ine ndi dzina, anamva kuti pali mnyamata wa karate. Amati ntchito ya chitetezo, K30,000 patsiku ndi mowa waulere. Kumbuyo kwa galimoto kunali zikwanje zokutidwa ndi chiguduli. Ine ndinakana. Anzathu awiri anakwera, ndipo onse awiri ali pa gulu la 23 aja anaseka voice note. Mmodzi mpaka lero dzanja lake silikoka chilimira, ndipo bwana amene anamutuma sayankhanso foni.

Nkhani imeneyi si yatsopano. Funsani bambo anu za Apayoniya a nthawi ya Kamuzu, mmene ankaopedwera, ndi mmene anathera mu Disembala 1993 asilikali atawathamangitsa pa Operation Bwezani, ena mpaka kuthawira ku Mozambique. Taonanso ndi maso athu anyamata a zikwanje akutema anthu ochita zionetsero ku Lilongwe mu 2024 ndi 2025. Akuluakulu a ndale amasintha, koma nyambo yawo ndi imodzimodzi: mnyamata wamphamvu, wa njala, wosadziwa kwawo. Ameneyo ndi wotchipa kuposa chidebe cha usipa. Ine wa mu 2021 ndikanakwera galimoto ija mothamanga, ndipo ndikanakhala kutsogolo. Chimene chinandiletsa ndi nkhope ziwiri, ya Sensei ndi ya atsibweni anga. Ndikanawayang'ana bwanji?

Ndiye ndikufunseni inu osunga chikhalidwe. Chikhalidwe chanucho ndi chiti? Kugula nsalu ya Kulamba n'kujambulitsa, ku Mkaika kwa Gawa Undi simunapondeko? Kulandira ndalama ya usipa 6 koloko m'mawa, pofika 10 koloko yathera ku kachasu ndi kubetcha? Kukokolola tiana ta chambo ndi neti ya udzudzu, mawa n'kumadandaula kuti nyanja yauma? Kunyengerera mayi wogula nsomba kuti agone nanu kaye musanamugulitse? Zimenezo agogo anu anakusiyirani liti?

Ngati mukufuna kuona mwambo weniweni wa kunyanja, pitani ku chilumba cha Mbenje ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko, a Makanjira, amatseka chilumbacho nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo chikatsegulidwa mowa, chamba ndi juga siziloledwa. Wophwanya lamulo amathamangitsidwa. N'chifukwa chake asodzi amachoka kutali kukapha utaka kumeneko pamene madoko ena akulira. Lamulo la ku Mbenje, lamulo la m'phiri la Ntchisi, lamulo la kubusa ndi lamulo la pabwalo la Sensei, onsewa akunena chinthu chimodzi: dzigwire lero kuti mudzi udye mawa. Ine chimenecho ndinachiphonya kwathu, ndinakachitola kwa munthu wothawa nkhondo, ndipo iye anandilozera kumene chinagwera.

Pali pamodzi pamene mnzanga wa voice note ananena zoona, ndipo ndivomera. Injini ziwiri ndinazisiya zosamaliza, ya impela ndi ya giya bokosi. Kumeneko ndinalakwa, msodzi sadya nkhani za Okinawa. Eni ake pepani, Lachiwiri ndikhala nditafika, ndipo ya impela sindilipiritsa ntchito. Ndivomeranso kuti karate sandipatsa ndalama, amandidyera. Kawiri pamwezi ndimalipira transipoti ya ku Dowa, lamba wanga akadali wobiriwira, ndipo mwina wakuda ndidzamuvala ndili ndi ana. Bambo anga mpaka pano amati ndalama imeneyo ndikanagulira ukonde. Koma mwezi watha kasitomala wina ananditukwanira mayi anga, sipanala yomwe ija ya 17 ili m'dzanja. Ndinapuma katatu, ndinaiika pansi, ndinamuuza kuti tikambirane mawa. Bambo anali pomwepo akusoka matchera. Sananene kanthu, koma madzulo anandisungira mutu wa kampango. Amene mumawadziwa bambo anga mukudziwa tanthauzo lake.

Choncho sindisiya. Muzinditcha Bruce Lee, namwino, chilichonse. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndine wa kunyanja mwa bambo, wa kumapiri mwa mayi, ndipo zonse ziwiri ndazigwira.

Sensei wandiloleza kuti ndiziphunzitsa zoyambirira zokha, ndipo atsibweni alonjeza kudzatsika kunyanja akakolola kuti adzationetse magwetsano a kubusa. Ndiye Lamulungu lililonse 5 koloko m'mawa ndidzakhala pamchenga, kumpoto kwa mathandala. N'zaulere. Atsikana bwerani, musamve za anthu, Anisha Basheel anakatenga lamba wa nkhonya wa Commonwealth ku London mu 2018 ali mtsikana wa konkuno. Malamulo ndi atatu. Osabwera utalawa. Ukayamba ndewu kunja, usadzabwerenso. Ndipo tsiku loyamba ubwere ndi dzina la mayi amene anabereka agogo ako aakazi, ndi mudzi umene anagona. Ngati sukulidziwa, imbira amako foni lero, akadali moyo.

Aise wa voice note, iwenso ndikukudikira. Tsache ndakusungira.

Tumizirani ena, makamaka anzathu awiri aja.